Kompyuta ya makono m'bokosi la makedzana: zofunika kudziwa musanayambe

M'nyumba zambiri muno m'Zambia muli wailesi zakale zimene zinaleka kulankhula zaka zambiri zapitazo. Zina zinakankhidwira m'cipinda cosungiramo katundu, pamene zina zinasanduka thebulo loikapo maluwa ndi zithunzi za banja. Eni ake amakana kuzitaya cifukwa zimawakumbutsa makolo amene anazigula ndi ndalama za thukuta lao.

M'maiko ena muli anthu amene anapezera mabokosi otere nchito ina. Iwo amacotsa zam'kati zimene zinafa ndi kuikamo kompyuta ya makono. Ena amacita kupanga bokosi latsopano la matabwa, mkuwa ndi cikopa, looneka ngati la m'nthawi ya agogo. Mlendo akalowa m'nyumba amaona wailesi ya m'ma 1950, koma mwini wake akadina batani, makinawo amatsegula intaneti, kulemba makalata ndi kuonetsa mafilimu.

Nchito imeneyi ingacitike kulikonse kumene kuli kalipentala waluso ndi munthu wodziwa za makompyuta. Komabe ili ndi malamulo ake. Akulu-akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Bokosi likhoza kukongola kunja pamene m'kati mwake ziwalo zodula zikupsa, kapena waya wa magetsi uli pafupi kuvulaza mwana. Conco amene afuna kuiyamba ayenera kudziwa kuti maonekedwe amabwera pambuyo. Zoyamba ndi miyeso, mpweya ndi magetsi.

Kumene mwambowu unacokera

Kuika kompyuta m'bokosi la matabwa si cinthu ca dzulo. Mu 1976, kampani ya Apple ku America inayamba kugulitsa kompyuta yake yoyamba yochedwa Apple I, imene inapangidwa ndi Steve Wozniak. Inali kugulitsidwa pa mtengo wa madola 666.66, ndipo wogula anali kulandira bolodi lokha, popanda bokosi, kiyibodi kapena sikirini. Aliyense anali kudzionera yekha poliika, motero ena analipangira mabokosi a matabwa. M'caka comweco kunatulukanso kompyuta ina yochedwa Sol-20, imene m'mbali mwake munali matabwa a mtengo wa walnut.

Zinthu zinasintha mu 1981 pamene kampani ya IBM inatulutsa kompyuta yake ya pathebulo. Kucokera nthawi imeneyo, kwa zaka pafupi-fupi 20, makompyuta ambiri anali m'mabokosi a citsulo otuwa, ofanana-fanana, oyenera mu ofesi koma osakoma kuwaona m'cipinda cocezera.

Cimene cinatsegula njira kwa amisiri a panyumba ndi kucepa kwa ziwalo. Mu 2001, kampani ya ku Taiwan yochedwa VIA Technologies inalengeza bolodi laling'ono la mtundu wa Mini-ITX, la masentimita 17 m'litali ndi 17 m'lifupi. Bolodi lotere linali kukwana m'malo amene kale palibe akanaganiza kuikamo kompyuta.

Mmodzi mwa amene anachuka ndi luso limeneli ndi Jeffrey Stephenson wa ku Florida m'dziko la America. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 iye anaika kompyuta m'kabokosi ka matabwa kosungiramo ndudu zodula. Mu 2008 anapanga ina imene anaicha Ingraham, potengera maonekedwe a wailesi ya Stromberg-Carlson ya mu 1946. Cofunika kuona pa nchito yake ndi cakuti pansi pa matabwa okongolawo panali bokosi la citsulo copepuka ca aluminiyamu, lopangidwira makompyuta. Matabwa anali covala cabe.

Palinso gulu lina lokonda maonekedwe ochedwa steampunk, dzina limene linayambitsidwa mu 1987 ndi wolemba mabuku wa ku America, K. W. Jeter. Anthu amenewa amatengera nthawi ya Mfumukazi Victoria ya ku Britain, imene inalamulira kucokera mu 1837 kufika mu 1901, pamene makina anali kuyenda ndi nthunzi. Iwo amakongoletsa makompyuta ndi mapaipi a mkuwa, magiya ndi cikopa. Mu 2007, mmisiri wodziwika ndi dzina lakuti Jake von Slatt anatenga kiyibodi ya IBM Model M ndi kuimanganso ndi mkuwa wacikasu ndi mabatani obulungira onga a makina akale otaipira makalata. Zithunzi zake zinafala kwambiri ndipo ambiri anayamba kumutsanzira.

M'kupita kwa nthawi makampani naonso anaona kuti pali msika. Mu 2022, kampani ya ku Sweden ya Fractal Design inatulutsa bokosi lochedwa North, lokhala ndi timatabwa teni-teni kutsogolo kwake.

Wailesi ya poto, mbiri yathu

Dziko lino lili ndi mbiri yake pa nkhani yoika makina m'cinthu cosayembekezeka. Kuulutsa mau pa wailesi kunayamba mu Lusaka mu 1941, pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse. Nkhondo itatha, vuto linali lakuti anthu akuda ambiri analibe wailesi cifukwa zinali zodula ndiponso zofuna magetsi. Harry Franklin, amene anali mkulu wa nthambi yofalitsa nkhani m'boma la Northern Rhodesia, anafuna-funa kampani imene ingapange wailesi yochipa yoyendera batire. Kampani ya Ever Ready ya ku Britain inavomera, ndipo mu 1949 kunafika wailesi yochedwa Saucepan Special.

Dzinali linabwera cifukwa bokosi lake linali ngati poto wophikira wa aluminiyamu, wa masentimita pafupi-fupi 23 kukula kwake, wopakidwa utoto wobiriwira ngati thambo. M'kati munali mavavu 4, ndipo mabowo ake anali ochingidwa ndi sefa kuti tizilombo tisalowe. Inali kugulidwa mapaundi 5, pamene batire yake inali mashiling'i 25 ndipo inali kutha pambuyo pa maola pafupi-fupi 300. Ndi pa wailesi zotere pamene makolo athu anamvera nkhani m'zilankhulo zao ndi nyimbo za Alick Nkhata kucokera ku Central African Broadcasting Station. Pambuyo pake mabanja ambiri anagula wailesi za Supersonic, zimene zinali kumangidwa pa fakitale imene inali ku Livingstone, kuphatikizapo zikulu-zikulu za matabwa zokhala ndi poimbira mbale za nyimbo.

Apa ndi pamene pali cosankha coyamba. Wailesi ya poto yeni-yeni, kapena ina iliyonse yosowa, siyenera kuphwasulidwa. Ndi cuma ca mbiri, ndipo ikangobooledwa siingabwererenso mwakale. Amene ali nayo angacite bwino kuisunga, kuipereka kwa wokonza mawailesi, kapena kufunsa a nyumba zosungiramo zinthu zakale monga Lusaka National Museum ndi Livingstone Museum. Bokosi loyenera nchito imeneyi ndi la wailesi imene inapangidwa yambiri-mbiri ndipo zam'kati zake zinaonongekeratu. Ngati palibe, ndi bwino kupanga latsopano potengera cithunzi ca lakale.

Ziwalo ndi miyeso yake

Kompyuta ya pathebulo ili ndi ziwalo zocepa zofunika kuzidziwa. Coyamba ndi bolodi lalikulu lochedwa motherboard, pamene zonse zimalumikizidwa. Pa bolodilo pamakhala processor, imene imacita masamu onse, pamodzi ndi cozizirirtsa cake. Pamakhalanso RAM, imene imasunga zinthu kwa kanthawi pamene makina akugwira nchito. Kenaka pali cosungira zinthu mokhalitsa, cimene masiku ano kawiri-kawiri cimakhala SSD. Comaliza ndi power supply, kabokosi kamene kamalandira magetsi a m'nyumba ndi kuwasandutsa kukhala mphamvu yocepa ya mavolti 12, 5 ndi 3.3. Amene afuna masewera olemera amaonjezera khadi la zithunzi, limene limadya malo ndi magetsi ambiri.

Ubwino wake ndi wakuti miyeso ya mabolodi ndi yokhazikika. Bolodi la ATX, limene kampani ya Intel inakhazikitsa mu 1995, ndi la masentimita 30.5 ndi 24.4. La microATX silipitirira masentimita 24.4 mbali zonse. La Mini-ITX ndi la masentimita 17, monga tanena kale. Palinso kakompyuta ka Raspberry Pi, kocokera ku Britain, kamene kanayamba kugulitsidwa mu 2012. Kameneka ndi ka masentimita 8.5 ndi 5.6 cabe, pafupi-fupi ngati khadi la ku banki.

Miyeso imeneyi ndiyo imalamula zonse. Wailesi yaikulu ya Supersonic ingalandire bolodi la mtundu uliwonse. Wailesi ya pathebulo ingafune Mini-ITX. Munthu wofuna kupanga cifaniziro ca wailesi ya poto, pogwiritsa nchito poto watsopano wa masentimita 23, adzapeza kuti Mini-ITX siikwana, pakuti kucokera pa ngodya imodzi kufika pa ngodya yoyang'anana nayo pali masentimita 24. M'poto wotere mungalowe Raspberry Pi. Kameneka kamakwanitsa kulemba, kuwerenga pa intaneti, kumvera wailesi za pa intaneti ndi kuphunzirira, ngakhale kuti si ka nchito zolemera.

Poyesa, ambiri amaiwala utali wopita m'mwamba. Coziziritsa ca processor cimatalika, ndipo mawaya amafuna malo opindikira. Kumbuyo kwa bokosi kumafunikanso zenera la masentimita pafupi-fupi 15.9 ndi 4.4, pamene pamatulukira malo olumikizira sikirini, kiyibodi ndi zina. Bolodi siligonekedwa mwacindunji pa thabwa kapena pa citsulo. Limakhala pa tizipilala ting'ono-ting'ono tomangidwa ndi masikuluu, totalika pafupi-fupi mamilimita 6, kuti pansi pake pasakhudze kanthu.

Amene agula ziwalo zogwirapo kale nchito ayenera kukumbukira kuti kampani ya Microsoft inaleka kuthandiza Windows 10 mwa nthawi zonse pa 14 Okutobala 2025, ndipo Windows 11 imakana makompyuta ambiri akale cifukwa imafuna, mwa zina, kacipangizo ka citetezo kochedwa TPM 2.0. Ziwalo zotere zingagwirebe nchito bwino ndi mapulogalamu aulere a Linux, monga Linux Mint.

Mdani wamkulu ndi kutentha

Magetsi onse amene kompyuta imadya amathera m'kutentha. Bokosi la citsulo limathandizako kutaya kutenthako, koma thabwa limakusunga, monga mmene cigwiriro ca mtengo pa poto cimatetezera dzanja la wophika. Ambiri amaopa kuti thabwa lidzayaka. Zoona zake n'zakuti kutentha kwa processor sikufika poyatsa mtengo, pakuti mtengo umafuna madigiri oposa 200. Cimene cimacitika ndi cakuti processor ikafika pa madigiri a pakati pa 95 ndi 100 imadzicepetsa liwiro kuti idziteteze, ndipo zikapitirira imazimitsa makina. Kompyuta yokhala m'kutentha masiku onse imacedwa pa nchito ndipo ziwalo zake zimafa msanga.

Mankhwala ake ndi njira ya mpweya. Pafunika khomo lolowera mpweya wozizira, kutsogolo kapena pansi, ndi khomo lina lotulukira wotentha, kumbuyo kapena pamwamba, popeza mpweya wotentha umakwera. Pa makomo amenewa pamaikidwa mafani. Fani yaikulu ya masentimita 12 yozungulira pang'ono-pang'ono imakankha mpweya wokwanira popanda phokoso, pamene yaing'ono imafunika kuthamanga kwambiri ndipo imalira ngati udzudzu usiku wonse.

Wailesi yakale ili ndi mwai umodzi. Bowo limene munali sipika ndi malo abwino oikapo fani yokoka mpweya. Koma nsalu yakale yophimba bowolo imakhala yothithikana ndi yodzaza fumbi, conco iyenera kulowedwa m'malo ndi ina yopyapyala kapena sefa ya citsulo ya mtundu wofanana. Ngati mpweya ukulowera pansi, bokosi likhale ndi timiyendo kuti lisagone pa thebulo.

Nyengo ya kwathu kuno iyenera kuganiziridwa. M'mwezi wa Okutobala kutentha mu Lusaka kumapitirira madigiri 30, ndipo m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi kumafika 40. Kapangidwe kamene kamagwira bwino nchito m'dziko lozizira kakhoza kulephera m'nyumba ya malata masana a mwezi umenewu. Palinso fumbi la m'miyezi ya mphepo, limene limamata pa coziziritsa ngati bulangeti. Conco pa khomo lolowera mpweya paikidwe sefa yotheka kucotsa ndi kutsuka, ndipo bokosi likhale ndi citseko cotseguka mosavuta. Sefa imeneyi imachinganso mphemvu ndi nyerere, zimene zimakonda malo ofunda. Amene anapanga wailesi ya poto mu 1949 anali ataliona kale vuto limeneli.

Magetsi: pamene pali ngozi yeni-yeni

Magetsi a m'nyumba muno m'Zambia ndi a mavolti 230, ndipo akhoza kupha munthu. Lamulo loyamba ndi lakuti kabokosi ka power supply sikatsegulidwa. Ena amayesedwa kucotsa cikuto cake kuti kakwane pamalo opanikiza. Kucita tero ndi kuika moyo paciswe, cifukwa m'kati mwake muli tiziwalo tochedwa capacitor timene timasunga mphamvu ngakhale pulagi itazulidwa. Ngati malo ndi ocepa, pali ma power supply ang'ono-ang'ono opangidwira mabokosi otere. Palinso njira yogwiritsa nchito adaputa yakunja yonga ya laputopu, imene imasiya magetsi oopsa kunja ndi kulowetsa m'bokosi mphamvu yocepa yokha. Moto m'makina otere umayamba kawiri-kawiri cifukwa ca waya wosenda kapena power supply yacinyengo, motero apa si pofunika kuumira ndalama.

Caciwiri ndi waya wa ethi, uja wa phini lacitatu pa pulagi. M'bokosi la citsulo ziwalo zonse zimalumikizana ndi waya umenewu kudzera m'citsulo ca bokosilo. Thabwa silicita zimenezi. Kuonjezera apo, citsulo cimachinga mafunde a magetsi amene kompyuta imatulutsa. Popanda cochinga cimeneci, womvera wailesi m'nyumba yomweyo angayambe kumva kusokosera, maka-maka pa shortwave ndi medium wave. Njira yabwino yothetsera mavuto awiriwa ndi ija ya Stephenson: kutenga mafupa a citsulo a bokosi la kompyuta, ngakhale lakale, kuwadula kuti akwane, ndi kuwaveka matabwa kunja. Mabowo onse a masikuluu amakhala ali kale m'malo ao. Koma amene asankha poto kapena bokosi lina la citsulo cokha-cokha akumbukire kuti citsulo cimachinganso Wi-Fi, conco padzafunika kamlongoti kakunja kapena waya wa intaneti.

Cacitatu ndi zam'kati za makina akale. Wailesi za mavavu zinali kugwira nchito ndi mavolti mazana angapo, ndipo siziyenera kulumikizidwa ku magetsi pofuna kungoyesa. Zina zinali ndi kansalu kapena kabolodi kotuwa ka asbestos koteteza thabwa ku kutentha. Fumbi la asbestos limayambitsa matenda oopsa a m'mapapo kuphatikizapo khansa, motero cinthu cotere sicipalidwa kapena kudulidwa. Wailesi za kanema zakale zija za cimimba n'zoopsa koposa. Galasi lao likhoza kuphulika likamenyedwa, lili ndi mtovu, ndipo m'zoonetsa mitundu mphamvu inali kufika mavolti pafupi-fupi 25,000. Kucotsa zinthu zimenezi ndi nchito ya wokonza mawailesi wodziwa. Zocotsedwazo zisatenthedwe kapena kutayidwa kumene ana amasewera. Bungwe loona za cilengedwe la ZEMA ndilo limayang'anira za zinyalala zoopsa m'dziko lino.

Cacinai ndi kuzima-zima kwa magetsi. Mu 2024, cilala citacepetsa madzi m'nyanja ya Kariba, mabanja ambiri anali kukhala maola oculuka tsiku lililonse opanda malaiti. Magetsi akamabwerera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yopitirira, ndipo mphezi za m'dzinja nazo zimaononga makina. Kacipangizo koteteza ku mphamvu yopitirira, kapena UPS imene imapatsa munthu mphindi zocepa zozimitsira kompyuta bwino-bwino, ziyenera kuwerengedwa pa mtengo wa nchito yonse. Apa Raspberry Pi ili ndi ubwino wina: ya mtundu wa 4 imafuna adaputa ya mawati 15 cabe, conco ingayende ndi batire ya sola.

Matabwa, mkuwa ndi zokongoletsa

Amisiri a matabwa sasowa. Mu Lusaka, aliyense wodutsa mu Kalingalinga m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata amaona mipando ndi makabati opangidwa ndi manja, ndipo matabwa amagulitsidwa pa misika monga wa Buseko. Cofunika ndi kusankha thabwa louma bwino. Thabwa laliwisi likakumana ndi mpweya wofunda wa kompyuta limapindika ndi kung'ambika, ndipo likhoza kukoka bolodi mpaka kulithyola.

Mtengo wa mukwa, umene ena amaucha mlombwa, ndi wokondedwa cifukwa ca mtundu wake ndi kulimba kwake. Komabe mitengo ya m'nkhalango zathu ikutha. Mukula unadulidwa mopitirira muyeso kotero kuti mu 2019 unaikidwa pa mndandanda wa pangano la maiko la CITES loyang'anira malonda a zacilengedwe zimene zili pangozi. Bokosi la kompyuta silifuna matabwa ambiri, motero citseko cakale, bedi lothyoka kapena kabati yotha zingapereke thabwa louma kale, lokhala ndi maonekedwe a ukalamba amene munthu akufuna. Paini wa m'minda ya mitengo ya ku Cigawo ca Migodi, kapena pulaiwudi, zikapakidwa utoto woderapo ndi vanishi zimaonekanso bwino. Thabwa lakale liyambe layang'aniridwa ngati lili ndi ciswe kapena timabowo totuluka ufa, cizindikiro ca tizilombo toboola mitengo. Kudula, kupala ndi kupaka vanishi zicitike ziwalo za kompyuta zili kutali, ndipo vanishi aume kotheratu.

Mkuwa ndi cuma cimene dziko lino limadziwika naco, ndipo umakometsa bokosi pa ngodya, pa zigwiriro ndi pa mabatani. Mkuwa wacikasu, umene ndi msanganizo wa mkuwa ndi zinki, umakongolanso. Koma zitsulo zonsezi zimapititsa magetsi. Kacidutswa kamodzi kakagwera pa bolodi kangaphe kompyuta yonse m'kamphindi. Zokongoletsa za citsulo zikhale kunja ndipo zimangidwe zolimba.

Mabatani akale angapatsidwe nchito yatsopano, koma pali msampha umodzi. Batani loyatsira kompyuta limalumikiza timawaya tiwiri kwa kamphindi cabe kenaka n'kusiya. Swichi ya wailesi yakale ikayatsidwa imakhala yolumikiza mpaka kale-kale. Ikalumikizidwa ku bolodi, kompyuta imaona ngati munthu wakanikiza batani osalisiya, ndipo imazima pakapita masekondi 4 kapena 5. Cofunika ndi kubisa kabatani ka makono kumbuyo kwa cogwirira cakale.

Galasi la wailesi lolembedwa maina a mizinda lingaunikiridwe kumbuyo ndi timagetsi ta LED tacikasu, timene sititentha kweni-kweni. Ena amakonda timababu takale toonetsa manambala tochedwa Nixie, koma timeneti timafuna mavolti pafupi-fupi 170, conco si toyenera woyamba kumene. Sipika yakale ili ndi maginito aakulu, ndipo ndi bwino kuitalikitsa ku hard disk ya mtundu wozungulira. SSD ilibe vuto limeneli.

Ndondomeko ya nchito

Colakwa cofala ndi kuyamba ndi kalipentala. Munthu amalipira bokosi lokongola, kenaka n'kupeza kuti coziziritsa catalika ndi sentimita imodzi. Ndondomeko yoyenera imayamba ndi funso lakuti kompyutayo idzagwira nchito yanji, pakuti ya ana a sukulu ndi yosiyana ndi yokonzera mafilimu. Yankho lake ndilo limasankha ziwalo.

Ziwalo zikagulidwa, zilumikizidwe pa thebulo, bolodi litakhala pa katoni yake, ndipo ziyesedwe kuti zioneke ngati zonse zili bwino. Musanagwire bolodi kapena RAM, khudzani citsulo columikizidwa ku ethi kuti magetsi a m'thupi acoke, ndipo gwirani ziwalozo m'mphepete. Pambuyo pake pangani cifaniziro ca bokosi ndi makatoni, ikanimo ziwalo zonse pamodzi ndi mawaya ake, ndipo lembani pamene padzakhala mafani ndi zenera la kumbuyo. Katoni ikalakwika imatayidwa popanda cisoni. Cifaniziro cimeneci ndico cipite kwa kalipentala, ndipo ndi bwino kuti iye ndi wodziwa makompyuta akumane, popeza mutu umodzi susenza denga.

Bokosi likatha, kuyesa komaliza kucitike masana kotentha, zitseko zake zonse zili zotseka. Kompyuta ipatsidwe nchito yolemera kwa maola angapo, ndipo kutentha kwa processor kuziwerengedwa ndi pulogalamu yaulere yoonetsa madigiri. Ngati manambala akuyandikira 90, pafunika kukulitsa mabowo kapena kuonjezera fani makinawo asanayambe kugwiritsidwa nchito masiku onse. Pakamveka fungo la kupsa, pulagi izulidwe nthawi yomweyo.

Nchito yotere siicepetsa mtengo wa kompyuta, ndipo siiwonjezera liwiro lake. Phindu lake ndi lakuti banja limakhala ndi cinthu cosafanana ndi ca wina aliyense, kalipentala wa m'komboni amapeza nchito ya mtundu watsopano, ndipo mwana amene anathandiza kumanga amadziwa zimene zili m'kati mwa makina amene amagwiritsa nchito. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene ayesa kawiri asanadule, nasiyira mpweya njira, nalemekeza magetsi, adzakhala ndi kompyuta yogwira nchito zaka zambiri m'bokosi limene agogo akanalizindikira. Ndipo ngati wokonza mawailesi anena kuti wailesi ya agogoyo ingalankhulenso, ikonzedwe kuti ilankhule, kompyuta ipangiridwe bokosi lake pambali.